Pakamwa Pokhota

Diepsloot, Joni
14 Meyi 2023

Okondedwa amake Rakele,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana, amayi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili moyo, ndingotero.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni imene mumalankhulirayo ndi ya alamu anga, ndipo mukudziwa kuti iwo sabwereketsa foni osaiika pa sipika. Tsiku lija ndinangoti ndikumva chizungulire, pofika madzulo Chisepo yense anali atadziwa kuti Elifala akufa ku Joni. Ndiye ndapempha a Howard, amene amanyamula katundu wa anthu kuno kukatula ku Mponela, kuti azinditengerako makalata. Inunso muziyankha kudzera mwa iwo omwewo.

Zoona zake, thupi langa silili bwino. Sikuti pali pamene pakupweteka ayi, koma mphamvu zatha. Wilibala ya manyowa imene ndinkakankha ndikuimba mluzu, lero ndimapuma nayo panjira ngati nkhalamba. M'manja mwayera, m'maso mwayera. Lachiwiri lapitali bwana wa kunyumba ina kumene ndimasamalira maluwa anandipeza nditagona pansi pa mtengo dzuwa lili paliwombo, payipi ikungotaya madzi. Sanakalipe. Anangondiyang'ana, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa.

Pali chinanso chimene ndikuchita nacho manyazi kulemba. Ndayamba kulakalaka dothi. Inde, dothi lomwe lija munkakatola pachulu muli ndi pakati pa Rakele, ine n'kumakusekani. Enoki wa ku Ntchisi, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anapeza kachibuma m'thumba la ovololo yanga. Tsopano m'mawa uliwonse amandifunsa ngati mwana wayamba kutakataka, ndipo akuti akabadwa dzina adzatcha ndi iye. Ndimaseka naye, koma mumtima mulibe kuseka. Izi musauze munthu.

Chimanga musachisiye pamkukwe nthawi yaitali, chiswe cha kumunda kuja mukuchidziwa. Fodya akagulidwa muyambe mwasunga za feteleza musanaganize china. Bulangete lofiira ndatumizalo ndi la amayi, kajuzi ndi ka Rakele. Mwati masiku ano akumangokhala pakhonde osasewera ndi anzake. Mwina n'kuzizira kwa kumapiriko.

Kodi ankolo Tomasi akulimbikirabe nkhani ya chimbudzi chathu chija chinagwa ndi mvula? Muwauze kuti ndidzakumba ndikadzabwera. Munthu sangaimitse ulendo wa ku Joni chifukwa cha dzenje. Pakadali pano tchire la kumtunda kwa dimba lilipo, silinasamuke.

Sabata yamawa Enoki andiperekeza ku kiliniki.

Ine amuna anu,
Elifala


4 Juni 2023

Amake Rakele,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndalandira, ndi mtedza womwe. Ine sindinasinthe. Ino muwerenge muli nokha.

Ku kiliniki ndinapita. Anandibaya chala, kenako anandipatsa kabotolo kuti ndikaikemo chimbudzi. Tangoganizani, bambo wandevu zake kudutsa pakati pa anthu atafumbata zimenezo, wolandira wake mtsikana wamng'ono ngati wa kwaya. Ndinasowa poika nkhope.

Titabwererako Lachisanu tinapeza dokotala, mayi wachimwenye wolankhula mothamanga. Chizungu changa mukuchidziwa, ndi cha "yesi" ndi "thenkyu." Enoki ndiye amatolako pang'ono. Dokotalayo anati magazi anga achepa kwambiri, ndipo makina awo aona chimene chikuwamaliza. Kenako analoza pamimba panga n'kutchula dzina. Anati, "Ankolo Tomasi."

Ndinayesa makutu andinamiza. Ndinapempha kuti abwereze, anabwereza pang'onopang'ono. Kumapeto kwake anakokerako mwachizungu, koma dzina ndi lomwelo. Atatero anapinda chala ngati ngowe, n'kuchikola pamkono pake, n'kumachita ngati akuyamwa. Enoki anandinong'oneza kuti, "Akuti akukuyamwa magazi." Inu mukuidziwa ndodo ya ankolo, ija yokhota kumutu imene anabwera nayo kuchokera ku migodi.

Mmwenye wa ku Joni angawadziwe bwanji ankolo Tomasi a ku Chisepo? Ine sindinatchulepo dzina lawo kuchipatalako. Ndipo ndakumbukira zimene ananena m'mawa umene ndinkanyamuka, titakangana za chimbudzi paja. Anati, "Pita, Elifala. Koma zimene mukusiya m'tchirezi zidzakulondola mpaka komwe ukupitako." Ine ndinkayesa n'kulongolola kwa akuluakulu, osadziwa kuti munthu akundiuza zimene wakonza.

Zikundichititsa manyazi kuposa kabotolo kaja. Mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, mkulu wa mpingo amene amagawa mgonero. Ndi iwo anaima ngati ankhoswe tsiku limene ndinkakutengani inu. Anthu akamva kuti wakudya munthu ndi wa m'nyumba momwemo, amaseka mtundu wonse. Kodi ndinawalakwira chiyani chachikulu chotere?

Anandipatsa mapiritsi, ena otafuna, ena akuti ndi owonjezera magazi, koma ndawaponya m'chikwama. Za anthu sizimva mapiritsi. Rakele asapitenso kwa ankolo, ndipo nzimbe zawo zija amakonda kugawira ana asalandire. Kufooka kwake kuja ndayamba kukuona mwina. Muuze amayi okha, mwakachetechete, kuti amudziwe mlongo wawo.

Sopo ndi mafuta ophikira zili m'katoni yolembedwa dzina lanu.

Ine,
Elifala


2 Julayi 2023

Amake Rakele,

Ndathokoza kumva kuti mwadzuka bwino ndi kuti chimanga chalowa m'nkhokwe. Ine ndikuyenda, koma mapazi ayamba kutupa.

Ndinati mwakachetechete. Sindikukudzudzulani, amayi ndimawadziwa, mawu sagona m'kamwa mwawo. Koma zimene mwalembazi zandiimitsa mutu. Mwati anapita kwa ankolo m'mawa anthu akutsikira kumadimba, n'kuima pabwalo kufuula kuti ngakhale makina a azungu awatchula dzina. Mwati tsopano ankolo akamadutsa pamjigo amayi amakokera ana kumbuyo kwa zitenje, ndipo anyamata ena anakawagwetsera nzimbe zonse. Mwatinso Lamulungu la mgonero mbale itafika m'manja mwawo, mzere wonse unapinda manja, mpaka akulu anzawo awapempha kuti ayambe apuma.

Ndinkayesa ndikamva kuti ayaluka mtima wanga upepuka. Sunapepuke. Chimene chikundisautsa ndi chija mwalemba kumapeto, kuti amayi atatha kufuula ankolo anangofunsa kuti, "Nanga mwanayo akupeza bwanji?" Enoki akuti mfiti zimatero, zimafunsa kuti zidziwe pamene ntchito yafika. Mwina n'zoona. Koma mawu amenewo ndimawamva ndi liwu lawo lomwe lija ankandifunsira nditathyoka mkono ndili mwana.

Kunyumba ya maluwa kuja andiuza kuti ndiyambe ndakhala, apeza wina wamphamvu zake. Kwatsala kumodzi, ndipo kumeneko ndimabisala kuseri kwa mpanda ndikafuna kupuma. Mwezi uno musayembekezere zambiri. Za chipinda chimene tikugonamo ndi zina ndidzanena tsiku lina.

Rakele mumupatse moni. Mwati wayamba kunyambita khoma la khitchini, mumuletse.

Ine,
Elifala


23 Julayi 2023

Amake Rakele,

Ngati muli bwino ndithokoza Mulungu. Ine ndayamba kuchira, koma kudwala kunali kopepuka kusiyana ndi zimene ndikuti ndilembezi.

Ndinagwa pamalo okwerera matakisi, anthu n'kundinyamula kupita ku kiliniki konkuja. Namwino amene anandilandira ataona dzina langa anandifunsa m'Chichewa chakwathu chenicheni kuti, "Achimwene, kwanu n'kuti?" Dzina lake ndi Judith. Makolo ake ndi a ku Congo, koma iye anakulira ku Dzaleka, sukulu anaphunzira ku Dowa konko. Anandifunsa ngati mapiritsi aja ndinamwa. Ndinamuuza kuti matenda anga si a mapiritsi, poti dokotala yemwe anachita kutchula munthu wake.

Anati nditchule. Nditatchula anaseka mpaka kugwira tebulo. Koma nditamuuza kuti nkhani inafika kale kumudzi, ndi zimene zachitika kumeneko, kuseka kunatha. Anakoka mpando n'kukhala pansi.

Amake Rakele, si dzina la munthu. Ndi dzina la matenda. Ananditchulitsa ngati mwana wa sitandade wani mpaka lilime linalola: ankilostomayasisi. Akuti si Chizungu n'komwe, ndi Chigiriki, madokotala anachita kubwereka. Mawuwo ndi olumikiza. "Ankilo" ndiye kuti chinthu chokhota ngati mbedza. "Stoma" ndiye kuti pakamwa. Kotsalako amangoika kumapeto posonyeza kuti ndi nthenda. Onse pamodzi, nthenda ya pakamwa pokhota. Mwini pakamwapo ndi njoka ya m'mimba, yaing'ono ngati kaulusi koduka, imene mutu wake unapindika. Imakola m'matumbo n'kumayamwa magazi, ndipo n'zimene dokotala ankasonyeza ndi chala chija. Akuti kale azungu ankaitcha nthenda ya anthu a m'migodi, poti inkagwira kwambiri okumba pansi m'matope.

Ndinafunsa kuti nanga inalowa bwanji mwa ine. Anati mazira ake amatuluka ndi chimbudzi cha munthu n'kuswa m'dothi lonyowa, ndipo tiana take timaboola khungu la kuphazi munthu akapondapo wopanda nsapato. Zikalowa zimatha kukhala m'mimba zaka. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Pakhomo panu chimbudzi chilipo?"

Maganizo anathamangira kwathu. Ndinangoona tchire lija la kumtunda kwa dimba, mvula ikukokolola zonse kutsikira m'mabedi a mpiru momwe ndinkathirira wopanda nsapato, pakati pa zala pakuyabwa ine n'kumati ndi matope. Ankolo sananditemberere. Ananena zoona zokhazokha, zinandilondoladi mpaka ku Joni.

Pakamwa pokhota ndi panga, amake Rakele. Ndakola munthu wosalakwa ndili kuno, ndipo ndamumwa magazi kuposa mmene njokazi zandimwera ine. Manyazi amene ndili nawo sindinawamvepo chibadwire. Enoki akuti iye anangomasulira za kuyamwa, dzinalo ndinamva ndekha. Akunena zoona.

Mapiritsi aja ndinatafuna pamaso pa namwinoyo. Rakele mupite naye kuchipatala, mukanene kuti amuyeze njoka za m'mimba ndi magazi, inunso akuyezeni. Nsapato ndatumizazo si za kutchalitchi, azivala tsiku lililonse, makamaka kudimba. Koma musanachite zonsezi pitani kwa amayi mukawawerengere kalata ino.

Ine,
Elifala


13 Ogasiti 2023

Amake Rakele,

Moni nonse. Ndakondwa kuti Rakele walandira mankhwala ndipo wayamba kuthamanga ndi anzake. Paja ndinati ndi nzimbe za ankolo, chikhalirecho ndi njoka zomwezo za m'dimba la bambo ake.

Ine magazi akubwerera. Dothi sindikulifunanso, ndipo wilibala ndikukankha osapuma. Koma n'zimene zikundipweteka. Ine wolakwa ndachira ndi timapiritsi totafuna, wosalakwa akadali m'nyumba osatuluka.

Munamva nokha mmene zinathera pafoni Lamulungu lija. Ulendo uno ndinachita kupempha alamu kuti aike pa sipika, aitanenso oyandikana nawo. Ndinafotokoza zonse, mawu a Chigiriki aja ndinawatchula mosaphonya. Amayi anangoti, "Mwana wanga amuyendera usiku, amutseka pakamwa." Ndipo ndinamva ena kumbuyo akuvomereza. Pamene ndinkanama anandikhulupirira tsiku lomwelo. Lero ndikunena zoona akuti ndaopsezedwa.

Ndaganiza chinthu chimodzi. Abusa athu anaphunzira Chigiriki kusukulu ya ubusa, paja amakonda kutiuza paguwa kuti liwu lakutilakuti m'Chigiriki limatanthauza chakuti, ife n'kumaodzera. Muwatengere kalata yanga yapitayo. Muwapemphe aone ngati mawuwo ali momwe namwino ananenera, ndipo ngati ali choncho aiwerenge mumpingo anthu onse ali pomwepo. Asadumphe kanthu. Za tchire awerenge, za chimbudzi chimene ndinakana kukumba awerenge. Muwapatsenso yoyamba ija ya dothi. Ndinati musauze munthu, tsopano ndikuti auzidwe onse.

Ndikudziwa kuti manyazi amenewa agwera inunso, poti tchirelo tinkapita tonse ndipo amene mudzakhale pabenchi anthu akukuyang'anani ndinu. Pepani, amake Rakele. Njira ina sindikuiona.

Kodi ankolo akudya? Ndani akuwatungira madzi, poti ana aja anawaletsa kupitako? Ngati mungathe, mudziwapatsirako ndiwo. Akakana musaumirize.

Ine,
Elifala


17 Seputembala 2023

Amake Rakele,

Ndikhulupirira muli bwino ngakhale mwadutsa pamoto. Ine ndili bwino, ntchito ya maluwa ija andiitananso.

Kalata yanu ndaiwerenga mobwerezabwereza. Mwati abusa anawerenga zonse, kenako anatsegula Chipangano chawo cha Chigiriki n'kuonetsa akulu a mpingo kuti "stoma" alimodi, ndipo ndi pakamwa. Mwati atafika pa dothi ndi nthabwala ya Enoki ya mimba ija tchalitchi chonse chinagwa nacho chiseko, mpaka amayi ena a Mvano kupukuta misozi. Zimenezo n'zanga, ndazilandira. Muwathokoze abusa, ndipo inu ndakuthokozani kuti simunatuluke.

Koma mwati ankolo anakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa pabondo, ndipo sanaseke. Mwati akulu anzawo awauza kuti abwerere pa udindo, iwo n'kuyankha kuti manja awo ayambe apuma. Amayi anapita kukagwada pakhomo pawo akulira, iwo anangowadzutsa n'kuwapatsa mpando.

Chimene chandilasa ndi cha anawo. Kale ankawathawa, tsopano mwati akumawatsata kumbuyo akuimba "ankolo tomasisi, ankolo tomasisi," atapinda zala. Munthu amene anakumba pansi pa nthaka ya Joni yomwe ino kuti amayi aphunzire ndi kuvala, lero dzina lake lasanduka la njoka za m'mimba. Ndinawachotsa pa ufiti n'kuwaika pa chipongwe. Ndipo mwati alipobe amayi ena amene akuti kuseka n'kuseka, koma ana awo asalandire kanthu kwa iwo. Njoka zanga zinafa sabata yomweyo, koma mawu anga akadali okola.

Mbuzi yathu yoyera ija, yaikazi, muipereke kwa ankolo. Musatume mwana. Mupite ndi alamu ndi munthu wina wamkulu monga mwa mwambo wake, mukanene kuti Elifala wagwira mwendo. Ndikudziwa kuti tinkaisungira sukulu ya Rakele. Ndidzagula ina.

Dzenje la chimbudzi mupeze anyamata akumbe mvula isanagwe, ndidzawalipira ine. Likhale kutali ndi dimba ndi chitsime.

Ine,
Elifala


15 Okutobala 2023

Amake Rakele,

Moni kwa inu, kwa Rakele ndi kwa amayi. Ine thupi lili bwino.

A Howard atandipatsa kalata yanu ndinaiwerengera pamsewu pomwepo, ndipo ndinalephera kukwera takisi. Mwati mutaipereka mbuzi, m'mawa mwake inabwerera, akuikoka ankolo eni ake, dzanja linalo atanyamula khasu ndi piki. Mwati anyamata amene munawapeza aja anawabweza, n'kuvula malaya, n'kuyamba kukumba okha. Munthu wa imvi, nthaka ya Okutobala youma gwa, dzuwa la kwathuko. Anthu odutsa ankaima kuonerera, ndipo ana oimba aja anasiya nyimbo yawo. Inu munkawapatsa madzi, iwo n'kumalandira, ndipo Rakele ndi amene ankawakokera ndowa ya dothi. Ndikamaganiza kuti dzenje limenelo ndi lomwe ndinati silingaimitse ulendo wanga, ndimafuna kubisa nkhope ngakhale ndili ndekha.

Mawu amene anakuuzani atatuluka m'dzenjemo mwachita bwino kuwalemba momwe anawanenera. Ndawaloweza.

"Dzenjeli ndakumbira mdzukulu wangayu. Mbuzi ibwerere m'khola, siinanene kanthu. Amene ananena abwere adzanene yekha. Ndipo umuuze kuti za ankolozi zandikwana. Amake ndi mlongo wanga, ine ndine atsibweni ake."

Poyamba ndinamva ngati andimenya mbama. Kenako ndinaona kuti sananditaye. Akanatha kunena kuti alibenso mwana wa mlongo wawo, ndipo palibe akanawadzudzula. Chiyambire kupita kusukulu sindinawaitanepo choncho, ndinkaona ngati n'zachimidzi. Ndakhala ndikuliyeserera liwulo ndikuthirira maluwa. Ndi lalifupi kuposa la Chigiriki lija, koma likundilemera pakamwa.

Bwana ndamuuza kuti ndikupita kwathu. Akuti sangalonjeze kuti ndikadzabwerera malo adzakhalapo, ine ndati ndamva. Enoki akuti ndapenga, kusiya ntchito ziwiri chifukwa cha pepani woti ndikanatha kunena pafoni. Pafoni ndi papepala ndanenapo zokwanira.

Ndinyamuka ndi a Howard ulendo wawo wa kumapeto kwa mwezi uno. Udzu ndi mitengo mundisungire, koma khoma ndi denga la chimbudzicho asakhudze munthu, ndidzamanga ndekha.

Musavutike kudzandichingamira ku Mponela. Katundu a Howard adzatula kunyumba, ndipo mukadzaona katundu wafika ine kulibe musadandaule. Ndidzatsikira panjira ya kwa atsibweni.

Ine amuna anu,
Elifala